Katumbu ndi Matchera Opanda Zipanda

Padangokhala. Ovomera avomere, ine ndiyambepo.

Padali Katumbu, mnyamata wa kunyanja, amene anakakwatira kumtunda, kumudzi wa anungu. Mkazi wake anali Nankhoma. Kumeneko mwamuna ndiye amatsata mkazi, choncho Katumbu anamanga kanyumba kuseri kwa nkhokwe za apongozi n'kuyamba kulima. Tangoganizani katumbu ndi khasu. Manja ake aja osambirira anachita matuza, ubweya unauma n'kuyamba kuthothoka pamsana, ndipo madzi amene ankawaona anali a mumtsuko basi. Nankhoma akamachokera kuchitsime ankamupeza mwamuna wake atamudikira panjira, kuti angoviikamo mphuno.

Anapirira dzinja ili ndi linzake, kenako anatuma ankhoswe kukapempha chitengwa, kuti atenge mkazi wake azikakhala naye kwawo kunyanja.

Mwini mbumba anali a Nungu, malume ake a Nankhoma. Mdala ameneyu anagwirapo ntchito kutali, ndipo anabwerako ndi zinthu ziwiri: chipewa chachikulu chamlaza ndi chizolowezi chowedza nsomba alibe njala. Anali ndi mbedza imodzi yamkuwa imene ankaisunga m'kachitini ka fodya. Ankapita nayo kumtsinje, n'kukhala tsiku lonse, akakola katemba n'kukayang'ana bwinobwino mbali iyi ndi iyo, n'kukabwezera m'madzi. Anthu anasiya kale kuwafunsa chifukwa chake.

Ankhoswe atalankhula, a Nungu anaitanitsa mwiniwake.

"Akamwini, za kwanu ndimazimva. Akuti mabwato akugubuduzika popanda mphepo. Mwana wa mlongo wangayu sadziwa kusambira."

Katumbu anati amenewo ndi mabodza a anthu amene nyanja amangoimvera m'makutu.

"Ndiye mukandionetse," anatero a Nungu. "Munditenge pa bwato lanu. Ndikabwerako wouma, ndili ndi nsomba yokodwa ndi mbedza yangayanga, mutenge mkazi wanu."

Katumbu anawomba m'manja n'kuvomera. Koma zimene a Nungu anamva sizinali zabodza, ndipo Katumbu ankadziwa gwero lake, poti dzanja lake linalimo.

Panyanjapo panali Ng'ona, mwini matchera. Iyeyu sankagwira nsomba kuti adye ayi, anali wamalonda. Anali ndi maukonde ataliatali ndi alovi ake, anyamata osodza a kwa mbalame ija Mphipi, amene ankatchera ndi kuwonjola, ndipo nsomba zake zinkapita m'madengu mpaka kumisika yakutali. Lamulo la padoko linali lakalekale: wotchera amange zipanda zouma pa ukonde wake, zoikidwa chizindikiro chake, kuti ziziyandama, opalasa aziona n'kulambalala. Wotchera mobisa akavulaza wina, matchera ake onse ankatenthedwa padoko pomwepo. Aliyense akaona zipanda ankati, apa tisadzerepo. Katumbu yekha akaziona ankati, apa pali chakudya. Ankamira n'kudya chambo chokodwa, n'kusiya mitu ili lende m'maso a ukonde. Ng'ona atatopa ndi kuwonjola mitu, anadula zipanda zonse. Ukonde unkangoima chilili m'kati mwa madzi, miyala itaugwira pansi, chingwe chake chapamwamba chili pang'onong'ono kukhudza mimba ya bwato, koma wopalasa osaona kanthu. Malo ake ankawadziwa alovi okha.

Woyamba kulawa anali Nyani. Anasema bwato latsopano, natenga mkazi ndi ana kukawayendetsa pamadzi tsiku lopuma. Nkhafi inakodwa, iye anakoka mwamphamvu, bwato gubudu. Onse anapulumuka, koma bwato linapita. Mayi Mvuu, amene ankayang'anira doko, anafunsa mwini ukonde. Ng'ona anati sakuudziwa. Poti panalibe chipanda, panalibenso dzina, ndipo mlandu unafera pomwepo. Zonsezi zinachitika Katumbu ali kale kumtunda ndi khasu lake.

Tsiku la ulendo a Nungu anavala chipewa chawo chija, nakhala kutsogolo kwa bwato minga atazigoneka bwino. Katumbu anakhala kumbuyo ndi nkhafi. Popalasa anayamba nyimbo imene opalasa a kumeneko amaimba, yofunsa madzi kuti abisa chiyani pansi pawo, ndipo wokwera amayenera kuvomera kuti madzi alibe pakamwa. A Nungu anaigwira msanga, koma ankavomera mochedwa, poti maso awo anali pa nyongolotsi imene ankaitunga pa mbedza.

Anaponya. Sipanapite nthawi, chingwe chinauma gwa.

"Akamwini, imani. Chadya."

Anakoka, chinthucho chinabwera pang'ono n'kubwereranso. Analekerera, anakokanso, chimodzimodzi. Nsungwi yawo yowedzera inapindika ngati uta. Mdala anatuluka thukuta, namalankhula ndi nsombayo monga amalankhulira ndi ng'ombe yamakani, kuinyengerera, kuitukwana, kuinyengereranso. Dzuwa linafika pamutu akadalimbana. Kenako chingwe chinati phwi, a Nungu anagwa chagada m'bwato, mbedza yamkuwa itapita.

Katumbu anadumphira m'madzi kuti akaione. Anangomira pang'ono n'kupeza ukonde wa Ng'ona uli chilili, mbedza itakola pa chingwe chapamwamba. Atati aitole, ukonde unayamba kumufungatira mwendo, ndipo anabwerera msangamsanga chimanjamanja. Potulukira anapeza a Nungu atasuzumira, maso ali mwaa ngati a mwana.

"Mwaiona?"

Katumbu anaganiza mwachangu. Akanena kuti ndi ukonde, ndiye kuti mphekesera zija n'zoona, chitengwa chathera pompo.

"Ndaiona, apongozi. Kampango. Kutalika kwake ngati bwato lino, mwinanso kuposa."

"Mbedza yanga?"

"Ili pakamwa pake. Yandiyang'ana n'kupita."

A Nungu anayang'ana chingwe chodukacho. Kenako anati lero abwera ouma koma opanda nsomba, choncho ulendowu sukuwerengedwa, apitanso.

Madzulo ake asanafike, Katumbu anapita kwa Ng'ona. Anamupeza atagona pamchenga, alovi akusoka ukonde pambali pake.

"Achimwene, bwezerani zipanda."

"Zipanda za chiyani?"

"Za matchera anu."

"Wawaona kuti matchera anga?"

"Lero, pansi pa bwato langa."

"Ndiye wawapeza popanda chipanda. Ukufuniranji china, kuti uzidya uli khale?"

Katumbu analumbira kuti zakubazo anasiya, tsopano ndi mlimi, naonetsa matuza a m'manja. Ng'ona anatsegula diso limodzi, nayang'ana matuzawo, n'kunena kuti khasu limasintha manja, silisintha mimba. Alovi anaseka, Katumbu anabwerera.

Ulendo wachiwiri Katumbu anasankha mbali ina ya nyanja, kutali ndi pamene anaona ukonde. Sanadziwe kuti alovi amasuntha matchera kutsata nsomba. Anaimbanso nyimbo ija yofunsa madzi, a Nungu navomera mwamphamvu nthawi ino, atanyamula mbedza yobwereka. Nyimbo ili m'kati, nkhafi inakanirira. Katumbu anayesa kuipotoza, bwato linazungulira n'kupendekeka. A Nungu, poganiza kuti kampango uja wabwera kudzawalonjera, anaimirira kuti amuone bwino.

Chubwi.

Nyama ina iliyonse ikagwera mu ukonde imakodwa mwendo kapena nyanga. Nungu amakodwa paliponse. Mdala atamva madzi m'mphuno anaimika minga zake zonse, ndipo munga uliwonse unalowa m'diso lakelake la ukonde. Akamaphupha ukonde unkawakulunga, miyala ikuwakokera pansi. Katumbu anamira n'kuwakankhira m'mwamba kuti apume, anamiranso n'kuyamba kuluma ulusi umodziumodzi. Akayandikira minga zinkamubaya pamphuno, m'masaya, m'khutu. Ankaluma, n'kukankha, n'kulumanso. Pamene ankadula ulusi womaliza, a Nungu anali atasiya kuphupha. Katumbu anawakokera kumtunda, nawagoneka chafufumimba mpaka anasanza madzi n'kuyamba kutsokomola. Chipewa chija sichinaonekenso.

Anafika padoko mdala atavala chibenthu cha ukonde kumsana, chokanika kuvula. Anthu anasonkhana. Mayi Mvuu anavuuka m'madzi, nayasamula, nafunsa monga mwa mwambo kuti ukondewu ndi wa yani.

Ng'ona anabwera pang'onopang'ono. Anawazungulira a Nungu, nakhudza mfundo za ukonde ndi chikhadabo, n'kuyamikira kuti ndi ukonde wabwino, wolukidwa ndi wodziwa, mwini wake ayenera kuti ndi munthu wopeza. Koma wake si umenewo.

Mayi Mvuu anamufunsa katatu, iye anakana katatu.

"Aliyense pano akudziwa mwini wake," anatero Katumbu, magazi akuchucha pamphuno.

"Padoko pano ukonde umadziwika ndi chipanda," anayankha mayi Mvuu. "Wopanda chipanda ulibe mwini. Kapena iwe uli ndi umboni wina?"

"Ali nawo," anatero Ng'ona. "Amaudziwa ndi kukoma."

Anthu anaseka. Katumbu anangotola mawu a mayi Mvuu aja n'kuwasunga.

A Nungu sanaseke nawo. Anatembenuka ukonde uli kumsana n'kunena kuti, "Akamwini, nkhani yatha. Khasu lanu likukudikirani."

Anabwerera kumtunda. Nankhoma anakhala pansi ndi kampeni, kuchotsa ukonde pa minga za malume ake ulusi ndi ulusi, mdala akubuula. Katumbu anabwerera kumunda, mphuno itatupa ngati mbatata.

Panapita nyengo. Tsiku lina akupalira awiriwiri, Nankhoma anamuuza mwamuna wake kuti malume sakupeza bwino. Za kumira aiwala, za chipewa aiwala, koma nsomba ija ayi. Pabawo nkhani ndi yomweyo, pamowa ndi yomweyo, ndipo nthawi iliyonse akamaonetsa kutalika kwake manja amanka natambasuka. Tsopano amachita kupempha mnzawo kuti aimirire uko, iwo aime kuno.

"Koma inu bambo, nsomba imeneyo inalipodi?"

"Inali yaitali," anatero Katumbu.

"Sindinafunse kutalika."

Katumbu anapitiriza kupalira. Nankhoma anamuyang'ana, kenako anati iye kunyanja akufuna kupitako, chambo anachilawapo kamodzi ndipo sanachiiwale. Koma malume sakulakwa. Madzi amene anafuna kudya mdala uja angadyenso iye, ndi ana amene adzabadwe. Ngati mwamuna wake akufuna chitengwa, asalimbane ndi malume, akakonze madziwo.

M'munda wa a Nungu munali mphonda zambiri zongoyanga m'mphepete, zopanda wozisamala. Katumbu anapempha kuti azikolole, ndipo mdala anadabwa kuona mkamwini akupempha ntchito. Anaziumika padenga, nazitseka pakamwa ndi phula kuti zikhale zipanda. Anasenda khonje n'kupota chingwe chonenepa ngati chala. Kenako anatenga khasu lake lakutha n'kupita nalo kwa wosula, nabwerako ndi mbedza yaikulu ngati chikhatho.

Kwa a Nungu sanakanene kanthu. Anangokhala pansi pa mtengo umene mdala amadutsa popita kubawo, n'kumanola mbedzayo pamwala.

"Chimenecho n'cha chiyani, akamwini?"

"N'cha a Nyani, apongozi. Amva za kampango uja. Akuti akamugwira okha."

A Nungu anaima.

"Nyani amadziwa kuwedza?"

"Akuti aphunzirira pomwepo."

"Nsomba ija ili ndi mbedza yanga pakamwa. Ndi yanga."

"Ndinawauza choncho. Iwo akuti nsomba ndi ya woitulutsa."

A Nungu anapita kubawo, koma sanakhalitse. Pobwera anati chimbedzacho aone. Anachiyeza m'manja, nachiyesa kuthwa pa chikhadabo. Katumbu anati ngati achikonda atenge, ndi mphatso, a Nyani adzawasulira china. Mdala anafunsa ngati bwato lija likadalipo. Katumbu anati lilipo, ndipo anafunsa mwaulemu ngati pangano lija nalonso likadalipo. A Nungu anati likadalipo, koma aka n'komaliza. Akanyowa ngakhale chala, ankhoswe asadzabwerenso.

Tsiku limenelo padoko panali phwete. Katumbu anamanga zipanda kuzungulira bwato lonse, mbali iyi ndi iyo, kutsogolo ndi kumbuyo, zina n'kuwamanga a Nungu m'chiuno. Alovi a Ng'ona anafunsa ngati akupita kukawedza kapena kukagulitsa mowa. Ng'ona anati aka n'koyamba kuona munthu akuika zipanda pa apongozi. A Nungu anayang'ana kutsogolo ngati sakumva.

Nthawi ino Katumbu sanathawe ukonde, anaufunafuna. Anawauza a Nungu kuti kampango wamkulu sadya nyambo yongokhala, amafuna yoyenda. Aponye chimbedzacho kumbuyo, achilole chimire, iye azipalasa pang'onopang'ono. Anapalasa kupita uko, nabwerera, napitanso, akuimba nyimbo ija. Koma anaisintha pang'ono: m'malo mofunsa madzi kuti abisa chiyani, ankawafunsa kuti chimene abisacho n'cha yani. A Nungu sanazindikire kusinthako, ankangovomera monga kale kuti madzi alibe pakamwa.

Chingwe chinauma. Bwato linagwedezeka, linapendekeka, zipanda zinalibweza.

"Ndi yomweyi," ananong'ona a Nungu. "Ndikuidziwa kakokedwe kake."

"Gwirani zolimba, apongozi. Ndikaikuse kuchokera pansi."

Katumbu anamira. Nthawi ino sanayandikire maso a ukonde. Anatsikira pansi penipeni, kumene kuli miyala, n'kuyamba kuluma timaluzi tomangira miyalayo. Mwala uwu unagwa, uwo unagwa, iye akutsata mzere, kutuluka kukapuma, kumiranso. Mwala womaliza utagwa, ukonde wonse unadzuka n'kuyandama, utadzaza chambo, chikunyezimira n'kuphiriphitha.

A Nungu anayang'ana kuyambira pafupi mpaka kutali.

"Akamwini, uwu ndi ukonde."

"Kampango wazemba pansi pake, apongozi. Ndi wochenjera. Koma chingwecho musasiye. Mbedza yanu yakola, ndipo chimene yakola tikafika nacho padoko."

Kukoka ukonde wodzaza ndi bwato limodzi si masewera. Katumbu anapalasa mpaka matuza a khasu anaphulika. Anafika padoko pa nthawi imene amalonda amakhala atandanda ndi madengu awo, kudikira nsomba za Ng'ona. Alovi anali akukankha bwato lawo kuti azikawonjola. Ataona chimene chikubwera kumbuyo kwa bwato la zipanda, analeka kukankha.

Anthu anathandiza kukokera ukonde pamchenga. Unali wautali kuposa onse a panyanjapo, ndipo pakati pake panali chigamba chatsopano, kukula kwake ndendende msana wa a Nungu. Mdala anatsika bwinobwino, Katumbu atawayalira thabwa kuti asaponde madzi, chingwe chikadali m'manja mwawo.

Pamene ankatambasula ukonde, Katumbu anaona kanthu kakunyezimira pa chingwe chapamwamba. Inali mbedza yamkuwa ija, ndi kachidutswa ka chingwe chake. Alovi aulesi sanaichotse. Katumbu anaiponda msanga. Inamulowa kuphazi, koma sanasunthe, ndipo mlandu wonse anauimirira pamalo amodzi.

"Mayi," anatero kwa mayi Mvuu, "apongozi anga atola chinthu m'madzi. Tabwera nacho kuti mufunse mwini wake, tingamatchedwe akuba."

Mayi Mvuu anavuuka, nayang'ana ukonde kunsonga iyi mpaka iyo.

"Chipanda chilipo?"

"Palibe, mayi."

"Ukondewu ndi wa yani?"

Amalonda onse anatembenukira kwa Ng'ona. Ng'ona anayang'ana chambo chija, nayang'ana chigamba.

Nyani anali atafika, poti nkhani yotere simusowa. Anakhala pansi pafupi ndi Ng'ona, nanena mofatsa kwa wina aliyense womva kuti mwini wake akapezeka iye akufuna amupatse moni, ali naye kankhani ka bwato. Anawonjeza kuti nkhuni zouma zilipo kwake, ngati padoko pafunika moto.

"Ndifunsanso. Ndi wa yani?"

Mmodzi wa alovi anayamba kunong'oneza bwana wake kuti ukonde umenewu ndi umene analuka chaka chathachi, ulusi wake wochokera kutali. Ng'ona anamukwapula ndi mchira.

"Achimwene," anatero Katumbu, "inu mumadziwa maukonde. Tsiku lija munati mwini wake ndi munthu wopeza. Simungatithandize kumukumbukira?"

Ng'ona anatsegula pakamwa. Akati ndi wake, chigamba chija chikuchitira umboni kuti ndi womwe unafuna kupha a Nungu, ndipo matchera ake onse apsa lero lomwe. Akakhala chete, wapita uwu, ndi nsomba zake. Pakamwa panakhala chotsegula, mawu osatuluka. Ena amati ndi chifukwa chake mpaka lero mumamupeza pamchenga kukamwa kuli yasa, akadaganizabe choyankha.

"Kachitatu. Ndi wa yani?"

Ntchentche inalowa m'kamwa mwa Ng'ona n'kutulukamo.

"Ulibe mwini," anatero mayi Mvuu. "Kutola si kuba. Ndi wa amene mbedza yake yakola." Atatero anamiranso.

A Nungu anadzigwiragwira pamimba, m'miyendo, pamsana. Anali ouma. Anayang'ana mulu wa chambo, nayang'ana chingwe m'manja mwawo. Anati kumeneku si kuwedza, ndipo aliyense wodziwa mbedza angavomereze kuti si kuwedza. Koma pangano silinatchule za ukonde. Nsomba ndi izi, mbedza ndi yawo, iwo ndi ouma, ndipo mawu awo sabweza. Mkamwini atenge mkazi wake.

Nsombazo anagawira aliyense amene anali padoko, poti iwo sankawedzera njala. Amalonda anadzaza madengu ulere. Ukonde anati upite kumtunda ukatchinge dimba, nkhuku zavuta. Anthu atabalalika, Katumbu anazula mbedza yamkuwa kuphazi kwake n'kuiponya kutali m'madzi.

Kutacha, nyanja inadzaza mabwato. Aliyense amene anali ndi khasu lakutha anali atapita kwa wosula. Nyani anabwereka bwato, natenga mkazi ndi ana. Palibe ankafuna nsomba. Onse ankakoka zimbedza kumbuyo, kupita uko ndi kubwerera, kuwedza maukonde opanda mwini. Nyimbo ya Katumbu ija, yofunsa kuti chobisikacho n'cha yani, inkamveka mbali zonse. Dzuwa lisanapendeke, ukonde wina unafika padoko. Mayi Mvuu anafunsa katatu. Mwini sanapezeke, ukonde unakhala wa Nyani amene anaukola.

Ng'ona anapita kwa Katumbu. Anamupeza atakhala m'bwato, phazi ataliviika m'madzi.

"Mphwanga, undigawireko zipanda."

"Zipanda za chiyani?"

"Za matchera anga."

"Muli ndi matchera, achimwene?"

Ng'ona ananong'ona kuti ali nawo. Katumbu anati amve bwino, poti khutu lina linabayidwa ndi munga. Ng'ona anabwereza mokweza, anthu a padoko akumva. Apo Katumbu anati zipandazo si zake, iye ndi mkamwini chabe. Mwini wake ndi mdala amene achimwene anamuzungulira tsiku lija akuyamikira mfundo. Ng'ona anakwawa kupita kwa a Nungu, nakagwada monga ng'ona ingagwadire. A Nungu anamupatsa zonse, pa mawu amodzi: azipake laimu, kuti ngakhale nkhalamba ya maso ofooka izione ili kutali.

Kuyambira pamenepo matchera a Ng'ona anali ndi zipanda zoyera mbee, kunsonga, pakati, ndi pena paliponse pamene pakanatheka kumangapo. Mabwato anasiya kugubuduzika popanda mphepo.

Katumbu anazira nyumba yake ya kunyanja, nafolera denga. Ubweya unayamba kumera pamsana. Ankayang'ana zipanda zija zikuvina pamadzi, mimba n'kumalira, koma anati adikire mkazi afike kaye, zinazo azionera.

Nankhoma anafika ndi mitsuko yake, mphasa, ndi nkhuku m'chitete. Katumbu anathamanga kukamulandira. Kumbuyo kwake kunkabwera wina, atasenza mphasa yakeyake, nsungwi paphewa, chipewa chatsopano pamutu.

"Apongozi, mwatiperekeza?"

"Ndabwera, akamwini. Kumudzi ndasiyira ana. Kachipinda kakang'ono kandikwanira."

Katumbu anayang'ana mkazi wake. Nankhoma anali kumasula nkhuku.

"Kampango uja akadalimo," anatero a Nungu, "ndi mbedza yanga pakamwa. Inu nomwe munamuona kawiri. Kapena simunamuone?"

Nankhoma anasiya nkhuku n'kudikira nawo yankho.

"Ndinamuona, apongozi."

"Ndiye mawa tilawirire."

Mpaka lero akumufunabe. Katumbu amakhala kumbuyo ndi nkhafi, mdala kutsogolo ndi nsungwi. Akafika pa zipanda zoyera, pansi pake chambo chili lende, a Nungu amaloza ndi chibwano kuti akamwini, ukonde uwo, lambalalani. Katumbu amalambalala, poti bwato lokhala ndi nkhalamba yosadziwa kusambira salisiya lokha. Amangoyambitsa nyimbo ija, yofunsa madzi kuti abisa chiyani, a Nungu n'kuvomera ndi mtima wonse kuti madzi alibe pakamwa.

Ine ndafika padoko. Amene munakwirira mbatata, kaphuleni isanapserere.